Magetsi ayaka, koma wayeza ndani?

Khitchini ukaichotsa makabati siibisa kanthu.

M'nyumba ina yakale mumzinda wa Leicester, imodzi mwa nyumba za njerwa zofiira zija zolumikizana khoma ndi khoma msewu wonse, makabati akale aunjikidwa kuseri ndipo mvula ikuwavumba. Sinki yatsamira mpanda. M'kati mwatsala makoma okhaokha, fumbi la pulasitala loti ukaponda likukukuta kunsapato, ndi zipsera zosonyeza pomwe padali kabati iliyonse. Apa penti wachikasu wa eni nyumba akale, apo mapepala amaluwa a omwe adabwera pambuyo pawo.

Mwini nyumba watsopano ndi bambo wina wa kwathu yemwe amagwira ntchito yausiku yosamalira okalamba. Nyumbayi adaigula pa ngongole, choncho paundi iliyonse amaiyang'ana kawiri asanaitulutse. Pakona waika katundu yemwe wagula kale: masoketi onyezimira akadali m'mapepala mwake, mpukutu wa waya wotuwa, ndi tesita, kachitsulo kaja koyaka kofiira ukakhudza nako waya wamoto.

Maganizo ake ndi omveka. Mmisiri wa zamagetsi wamuitanira ntchito imodzi yokha, yolumikiza mbaula yatsopano. Zotsalazo achita yekha Loweruka ndi Lamulungu.

Mmisiri uja atalowa sadayang'ane n'komwe pomwe pakhale mbaula. Adaima pakati pa chipinda, maso ali pakhoma la kumanja. Pamenepo pulasitala adagumuka pochotsa kabati, ndipo waya akuoneka. Wachoka pa soketi ya m'munsi n'kukwera mopendekera, kudula njira, kukatulukira pamwamba pomwe padali fani yotulutsa utsi. Chapakati pa ulendo wakewo pali bowo la sikuluwu yomwe inkagwira kabati.

Bowolo laphonya wayayo ndi mpata wosakwana chala.

M'munsi mwake, mawaya ofiira ndi akuda alumikizidwa ndi abulauni ndi abuluu, n'kukulungidwa ndi tepi, kenako n'kumatidwa m'khoma. Mitundu iwiriyi ikusimba mbiri yake yokha. Ofiira ndi akuda ndi akale. Abulauni ndi abuluu adayamba kuloledwa mu 2004 ndipo adakhala okakamiza mu 2006. Ndiye kuti wina adagwirapo pakhomali kuyambira nthawi imeneyo, mwina m'zaka zomwe lamulo la magetsi a m'nyumba lidali litayamba kale kugwira ntchito.

Munthuyo sakudziwika. Mwina ndi mwini nyumba wakale, mwina ndi amisiri oika makabati omwe adathamangira kumaliza. Chodziwika n'chakuti zaka zonsezi ketulo yakhala ikuwira, firiji ikuzizira, fani ikuzungulira.

Kuyakako ndi kumene kumapusitsa anthu.

Aliyense wokonzanso khitchini kuno ku Britain amafika pa funso limodzi, makamaka akaona mitengo ya amisiri: kodi lamulo limandilola kugwira ndekha?

Ku England yankho ndi lakuti inde. Palibe lamulo loletsa mwini nyumba kugwira mawaya a m'nyumba mwake. Koma pali lamulo lonena za momwe ntchitoyo iyenera kutulukira, ndipo limamanga aliyense mofanana, kaya ndi mmisiri wa zaka makumi atatu pantchito kaya ndi munthu woti waonera kanema mmodzi pa YouTube.

Lamuloli ndi gawo la malamulo a zomangamanga ndipo limadziwika ndi dzina loti Part P. Lidayamba kugwira ntchito pa 1 January 2005 ku England ndi ku Wales. Mfundo yake ndi yaifupi: woika kapena kusintha mawaya m'nyumba yokhala anthu achite mwa njira yoteteza anthuwo ku moto ndi ku kuvulala. Muyeso womwe amisiri amatsata uli m'buku lochindikala lotchedwa BS 7671, losindikizidwa ndi mabungwe a IET ndi BSI. Lomwe likugwiritsidwa ntchito pano ndi lachi 18, lidatuluka mu 2018 ndipo lakhala likukonzedwa apo ndi apo.

Kenako lamulo limagawa ntchito pawiri. Pali ntchito yomwe akhonsolo oona za zomangamanga ayenera kudziwitsidwa, ndipo pali ina yomwe safunika kudziwitsidwa.

Poyamba khitchini idali m'gulu loyamba. Kuwonjezera soketi imodzi yokha m'khitchini kunkafuna kuti khonsolo idziwe. Mu April 2013 boma lidafupikitsa mndandandawo ku England pofuna kuchepetsa mapepala ndi ndalama zowonongeka, ndipo khitchini idachotsedwapo. Zomwe zidatsala ndi zitatu: kuika laini yatsopano yochokera kubokosi lalikulu la magetsi, kusintha bokosilo, ndi kusintha kapena kuwonjezera mawaya pafupi ndi bafa kapena shawa, komanso m'chipinda chokhala ndi dziwe losambira kapena sauna.

Ambiri amangomva theka loyamba la nkhaniyi, loti khitchini idamasulidwa, n'kuthamangira kusitolo.

Theka lachiwiri ndi ili. Khitchini zambiri zokonzedwanso masiku ano zimakagwabe m'zitatu zija. Tengani banja lomwe likuchotsa mbaula ya gasi n'kuika yamagetsi ya mtundu wa induction. Mbaula yotere ya malo anayi ophikira imatha kukoka makilowati 7, omwe pa ma volt 230 ndi ma amp pafupifupi 30. Pulagi wamba amalekezera pa ma amp 13. Ndiye kuti mbaulayo ikufuna laini yakeyake, ya waya wonenepa, kuchokera kubokosi. Ngati laini yotero kunalibe, imeneyo ndi laini yatsopano, ndipo khonsolo iyenera kudziwa.

Nalo bokosi lili ndi yake. M'nyumba zakale mukadali mabokosi a mafyuzi opanda RCD, kachipangizo kodula magetsi msanga moto ukayamba kudutsa pomwe suyenera kudutsa, monga m'thupi la munthu. Masoketi atsopano ndi mawaya atsopano okwiriridwa m'khoma amafunika chitetezo chimenechi. Kawirikawiri njira yanzeru imakhala kusintha bokosi lonse. Imeneyonso ndi ntchito yodziwitsa khonsolo.

Ukawoloka mtsinje wa Severn kulowa ku Wales zinthu zimasintha. Wales idatenga mphamvu zodzipangira yokha malamulo a zomangamanga kumapeto kwa 2011 ndipo siidatsatire England pa nkhaniyi. Soketi yomwe munthu wa ku Bristol angawonjezere m'khitchini mwake popanda kuuza wina, mnzake wa ku Cardiff ayenera kudziwitsa khonsolo kapena kuitana mmisiri wolembetsedwa. Scotland ili ndi dongosolo lakelake la zilolezo zomangira, Northern Ireland nayonso ili ndi malamulo ake. Malangizo a m'bale wa ku Glasgow sangagwire ntchito ku Luton.

Njira za waya

Chifukwa chomwe mmisiri uja adaimira nthawi yaitali pa waya wopendekera chili ndi mbiri yomvetsa chisoni, yomwe amisiri ambiri a kuno amaidziwa.

M'chaka cha 2004 mayi wina wa zaka 34, wa ana awiri, adamwalira m'khitchini mwake chakumadzulo kwa London. Adali mwana wa Jenny Tonge, dokotala yemwe panthawiyo adali phungu wa dera la Richmond Park. Kafukufuku wa imfa yake adapeza kuti amisiri omwe adakonza khitchiniyo adayendetsa waya mopendekera, komanso pafupi kwambiri ndi pamwamba pa khoma. Patapita nthawi, mwamuna wake adakhoma kachitsulo kopachikapo ziwiya pamalo omwe aliyense akadaganiza kuti palibe waya. Sikuluwu idakhudza wayayo, ndipo kachitsulo konse kadakhala ndi moto. Tsiku la ngoziyo mayiyo adagwira kachitsuloko mwendo wake utakhudza chitseko chachitsulo cha makina otsukira mbale.

Pali omwe amati imfa imeneyi ndiyo idabala Part P. Zoona zake n'zakuti lamulolo lidali kale m'njira. Tisaiwalenso kuti olakwa pankhaniyi adali amisiri olipidwa. Kulipira munthu pakokha sikuteteza aliyense.

Koma nkhaniyi imaonetsa poyera yemwe malamulowa amamuganizira. Woika waya amadziwa pomwe wadutsa. Amene sadziwa ndi wobwera pambuyo pake, atanyamula makina oboolera khoma, akufuna kupachika shelefu kapena wotchi. Akhoza kukhala mkazi wako, mwana wako atakula, kapena mlendo yemwe adzagule nyumbayo iwe utabwerera kumudzi.

N'chifukwa chake waya wokwiriridwa ali ndi njira zake zovomerezeka. Ayende mowongoka kukwera, kutsika kapena cham'mbali kuchokera pa soketi kapena switchi yooneka ndi maso. Apo ayi, adutse m'kati mwa mamilimita 150 kuchokera kudenga kapena kuchokera pakona yomwe makoma awiri akumana. Woboola khoma akaona soketi amadziwa kuti pamwamba pake, pansi pake ndi m'mbali mwake ndi posaboola. Waya akakhala kuti sadalowe m'khoma kupitirira mamilimita 50, monga zimakhalira m'nyumba zambiri, ayeneranso kutetezedwa ndi RCD ya ma milliamp 30.

Pokonzanso khitchini msampha umabwera pochotsa soketi yakale. Munthu amalumikiza mawaya m'bowo lija, n'kumatapo pulasitala, matailosi pamwamba. Soketi yomwe inkachenjeza anthu yapita, waya wamoto watsala, ndipo polumikizira paja palibenso angapafikire kuti aone ngati pakhwepa.

Mkombero woduka

Pali chinthu china chomwe munthu wokulira ku Malawi amachidziwa ndi maso koma mwina sadachiganizirepo. Pulagi wa mano atatu amakona, wokhala ndi fyuzi m'kati mwake, yemwe timagwiritsa ntchito kwathu, ndi yemweyo wa kuno. Adayamba mu 1947, nkhondo yachiwiri yapadziko lonse itangotha, pomwe Britain idali ndi nyumba zambirimbiri zoti imange koma kopa adali wosowa.

Pofuna kupulumutsa kopa, akatswiri adabwera ndi nzeru yoyendetsa masoketi pa mkombero, womwe amisiri amautcha ring. Waya amachoka kubokosi, n'kudutsa pa soketi iliyonse, n'kubwereranso kubokosi komweko. Soketi iliyonse imalandira moto kuchokera mbali ziwiri, choncho katundu amagawanika. N'chifukwa chake waya wa saizi ya 2.5, yemwe payekha atakwiriridwa m'khoma sangapirire ma amp 32, amaloledwa kukhala pa breaker ya ma amp 32, switchi ya m'bokosi yodula magetsi katundu akachuluka.

Tsono taganizani munthu akusuntha soketi kuti igwirizane ndi makabati atsopano. Pomanga, waya mmodzi sadagwire bwino, kapena wadulidwa n'kuiwalika. Mkombero waduka.

Akayatsa magetsi, soketi iliyonse iyaka. Ina ikulandira kuchokera kumanzere, ina kumanja. Tesita iyaka kofiira paliponse. Palibe chooneka cholakwika.

Koma mawaya aja tsopano akunyamula katundu aliyense payekha, ndipo khitchini ndi chipinda cha katundu wolemera. Ketulo yokha imakoka ma amp 13 kapena kuchepera pang'ono. Onjezani makina ochapira akutenthetsa madzi, makina otsukira mbale, chowotchera buledi. Mbali imodzi ya mkombero ikhoza kusenza zoposa mphamvu zake pomwe breaker ili phee, chifukwa malire ake a 32 sadakwane. Waya amatentha m'khoma, chikopa chake n'kumauma pang'onopang'ono, kwa miyezi kapena zaka.

Chimodzimodzi ndi chizolowezi chokoka soketi kuchokera pa soketi ina. Malamulo a amisiri amalola kukoka nthambi imodzi yopanda fyuzi kuti idyetse soketi imodzi, ya malo amodzi kapena awiri. Zomwe amisiri amapeza kuseri kwa makabati ndi nthambi yobala nthambi, inanso n'kubala ina, zonse zitalendewera pa waya mmodzi.

Magetsi a kudenga nawo ali ndi chinsinsi chawo. Nyumba zomwe mawaya ake adaikidwa chisanafike chaka cha 1966 nthawi zambiri zilibe waya wa earth pa laini ya mababu. Switchi ya pulasitiki pamenepo siivuta kwenikweni. Koma khitchini yatsopano imakopa maso ku maswitchi achitsulo onyezimira ndi nyale zachitsulo. Ukaika zimenezi pa laini yopanda earth, tsiku lomwe waya wamoto adzakhudze chitsulocho sipadzakhala chodula magetsi kufikira munthu atagwirapo.

Zonsezi maso sangazione, tesita singazipeze.

Apa ndi pomwe pali kusiyana kwenikweni pakati pa mmisiri ndi munthu wa manja aluso. Kumanga mawaya atatu pa soketi aliyense angaphunzire tsiku limodzi. Chomwe mmisiri amabwera nacho ndi makina oyezera, a mtengo wa mapaundi mazanamazana, ndi nzeru yomasulira manambala omwe makinawo akuonetsa. Amayeza ngati waya wa earth wafika pa soketi iliyonse osaduka. Amayeza mkombero mbali zonse. Amakankha ma volt 500 m'mawaya magetsi atazimitsidwa kuti aone ngati chikopa chikudontha penapake. Amaona ngati live ndi neutral sizidasinthane malo. Amayeza ngati shoti itachitika moto wokwanira ungadutse kuti breaker igwe msanga. Amayesa RCD kuti aone ngati ikudula m'nthawi yake, yomwe siyenera kupitirira magawo atatu mwa magawo khumi a sekondi.

Asanawonjezere kalikonse amayang'ananso ngati mapaipi achitsulo a gasi ndi a madzi adalumikizidwa ku earth monga zikufunikira.

Ndipo tesita ija saikhulupirira ngakhale pang'ono. Pamalo owala kagetsi kake sikaoneka bwino, ndipo ikafa siilengeza. Mmisiri wosamala amagwiritsa ntchito choyezera cha mano awiri, amachiyesa kaye pamalo omwe akudziwa kuti pali moto, n'kuyeza waya wake, n'kuchiyesanso kachiwiri. Pa breaker yomwe wazimitsa amaikapo loko, kiyi m'thumba, kuopa kuti wina m'nyumbamo angayatse pofuna kuwiritsa tiyi.

Lamulo limayembekezera kuti ngakhale ntchito yaing'ono yosafunika kudziwitsa khonsolo iyezedwe. Apa ndi pomwe ufulu wa 2013 umasanduka wapakamwa chabe kwa anthu ambiri. Waloledwa kugwira, koma chotsimikizira kuti wagwira bwino ulibe.

Siginecha yosagulika

Ntchito ikakhala ya m'gulu lodziwitsa khonsolo, ku England pali njira zitatu.

Yodziwika kwambiri ndi kulemba mmisiri wolembetsedwa ku bungwe lovomerezeka ndi boma, monga NICEIC kapena NAPIT. Iyeyu amaloledwa kuvomereza yekha ntchito yake. Akamaliza amakupatsa satifiketi yokhala ndi zotsatira za miyeso yonse, amadziwitsa bungwe lake, bungwelo n'kudziwitsa khonsolo, ndipo pakapita masabata ochepa umalandira satifiketi ina yosonyeza kuti ntchito yatsata malamulo a zomangamanga.

Yachiwiri ndi kudziwitsa khonsolo wekha usanayambe, n'kulipira. Iwo amatumiza munthu kudzaona mawaya asanakwiriridwe ndi kudzayeza pamapeto. Mtengo umasiyana malinga ndi khonsolo, koma umafika mapaundi mazana angapo. Yachitatu idabwera ndi kusintha kwa 2013: kupangana ndi mmisiri wolembetsedwa mwapadera kuti aziyendera ndi kuvomereza ntchito ya ena. Amisiri otere ndi ochepa, ndipo pangano liyenera kuchitika ntchito isanayambe.

Mawu oti isanayambe ndi omwe amagwetsa anthu.

Njira yomwe ambiri amaiganizira m'mitima mwawo ndi yachinayi, yomwe kulibe: ndigwira ndekha, ndimata pulasitala, ndiika matailosi, kenako ndipeza mmisiri adzangosaina. Amisiri amalandira mafoni otere kawirikawiri ndipo ambiri amakana. Si nkhanza. Siginecha yawo ikunena kuti waya aliyense wayenda njira yoyenera, ndipo munthu sangachitire umboni waya yemwe sadamuone. Chomwe angakupatse ndi lipoti la momwe magetsi a m'nyumba alili, lotchedwa EICR, koma limenelo si chilolezo cha ntchito yatsopano.

Kwa ife ochokera ku Malawi pali chiyeso china. M'dera lililonse muli achimwene ena odziwa magetsi, mwina adaphunzira ntchitoyi bwinobwino kwathu, mwina adagwirapo zaka zambiri ku Blantyre kapena ku Johannesburg. Luso lawo silikukayikitsa. Koma ngati sadalembetse ku mabungwe aja, pamaso pa khonsolo ntchito yawo ili chimodzimodzi ndi yomwe wagwira wekha. Kwathu komwe nkhani ya mapepala si yachilendo: ESCOM imafuna kuti mawaya a m'nyumba aikidwe ndi mmisiri wovomerezedwa ndi MERA isanalumikize. Kungoti ikalumikiza, zambiri zotsatira timathana nazo tokha, ndipo chizolowezi chimenecho timakwera nacho ndege.

Safunsa adadya phula. Dzina la mmisiri aliyense wolembetsedwa limapezeka pa intaneti, m'kaundula wa mabungwewa, ndipo kufufuza sikutenga mphindi zisanu.

Ngakhale kulembetsako kuli ndi pobowoka. Mu 2014 komiti ina ya aphungu a Nyumba ya Malamulo idadandaula kuti kampani ikhoza kulembetsedwa chifukwa cha woyang'anira mmodzi wophunzira bwino, pomwe wobwera kudzagwira ntchito kunyumba kwako ndi wina. Ndiye ngati kampani yoika makabati ikuti magetsi ichita yokha, funsani kuti agwire ndani, ayeze ndani, ndipo satifiketi ichokera kwa yani. Yankho likakhala lozungulira, ndalama zikhale kaye m'thumba.

Nanga ukangogwira mwakachetechete?

Kunena zoona, akhonsolo sayenda khomo ndi khomo kusuzumira m'makhitchini. Anthu ambiri ogwira mobisa sagwidwa. Koma lamulo lili ndi mano, ndipo adanoledwa posachedwapa. Moto wa ku Grenfell Tower mu June 2017, womwe udayambira pa firiji m'khitchini ya nyumba imodzi n'kupha anthu 72, udachititsa kuti malamulo a zomangamanga aunikidwenso, ndipo mu 2022 padatuluka lamulo la Building Safety Act. Kale khonsolo idali ndi miyezi 12 yokha yolamula mwini nyumba kuphwasula kapena kukonza ntchito yosemphana ndi malamulo. Tsopano ku England ili ndi zaka 10. Kalata yolamulayo imapita kwa mwini nyumba, ngakhale wolakwitsa atakhala mmisiri yemwe adasowa kalekale.

Komwe anthu ambiri amakumana nazo ndi pogulitsa nyumba. Maloya amatumiza fomu yotchedwa TA6, ndipo limodzi mwa mafunso ake ndi lakuti kodi m'nyumbamo mudagwiridwapo ntchito ya magetsi, ndipo ngati ndi choncho mapepala ake ali kuti. Khitchini yatsopano siibisika. Wopanda mapepala amayamba kuthamanga: kupempha khonsolo kuti ivomereze ntchito yakale, zomwe zimadula kuposa kudziwitsa poyamba ndipo nthawi zina zimafuna kuswa khoma kuti mawaya aoneke, kapena kugula inshuwalansi yapadera, kapena kutsitsa mtengo. Kunama pa fomuyo kumatsegula khomo la milandu.

Omwe ali pa lendi, omwe ndi ambiri mwa ife, nkhani yawo ndi yachidule. Mawaya ndi a landilodi. Ku England lamulo la 2020 limamukakamiza kuyezetsa magetsi a nyumba yobwereketsa zaka zisanu zilizonse ndi kupereka lipotilo kwa wokhalamo. Soketi ikamathetheka kapena kununkha chopserera, muuzeni polemba, ndipo musatsegule.

Pa kusintha kwa 2013, ine ndili kumbali ya Wales. Palibe chipinda china m'nyumba chomwe madzi, zitsulo, manja onyowa ndi zipangizo zokoka moto wambiri zimakumana ngati m'khitchini, ndipo palibenso chipinda chomwe chimaphwasulidwa ndi kumangidwanso kawirikawiri ngati chimenechi, nthawi zambiri ndi amisiri omwe ntchito yawo yeniyeni ndi matabwa. Kuchichotsa pa mndandanda kudapatsa anthu chithunzi choti ngozi yachepa, pomwe chidachepa ndi mapepala okha.

Koma nawo omwe adadandaula ndi dongosolo lakale adali ndi mfundo. Munthu wachilungamo wofuna kuwonjezera masoketi awiri ankauzidwa kulipira khonsolo ndalama zoposa mtengo wa ntchito yonse. Wosasamala sankalipira kanthu chifukwa sankauza aliyense. Vuto limeneli likadalipo pa ntchito zikuluzikulu. Malinga ngati njira yoongoka ili yodula chonchi, anthu apitiriza kukwirira mawaya usiku.

Bambo wa ku Leicester uja adagwirizana ndi mmisiri wake pa njira yomwe amisiri ena amalola ukawapempha poyambirira. Mmisiri adalemba ndi pensulo pakhoma pomwe padutse waya aliyense ndi pomwe pakhale soketi iliyonse: osachepera masentimita 30 kuchokera m'mphepete mwa sinki, ndipo osati pamwamba pa mbaula, pomwe munthu angatambasule dzanja kudutsa pa mphika wowira. Maswitchi ozimitsira makina ochapira ndi firiji adawaika poti dzanja lifike popanda kukoka makinawo.

Ntchito ya fumbi idatsala kwa mwini nyumba: kusema ngalande m'khoma, kuboola malo a timabokosi ta masoketi, kuzula matabwa a pansi, kutaya zinyalala. Imeneyi ndiyo imadya maola ambiri, ndipo maola ndiwo amakweza mtengo. Nayo ili ndi malire ake, chifukwa khoma likanyamula nyumba silisemedwa mwachisawawa. Ngalande yokwera isapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a kuchindikala kwa khoma, ndipo yopita cham'mbali isapitirire gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi.

Kuika mawaya, kulumikiza, kusintha bokosi ndi kuyeza zidakhala za mmisiri. Fyuzi yaikulu yomwe ili pafupi ndi mita, yomangidwa ndi kawaya kachidindo, ndi ya kampani yobweretsa magetsi m'deralo, ndipo mwini nyumba saigwira.

Pali kanthu kena kosalembedwa m'lamulo lililonse komwe amisiri osamala amalimbikitsa. Womata pulasitala asanabwere, jambulani khoma lililonse pa foni mawaya akuonekera, tepi yoyezera itatambasulidwa pambali kuti mtunda uziwerengeka. Sindikizani zithunzizo. Ziikeni m'envulopu imodzi ndi masatifiketi awiri aja, wa mmisiri ndi wa malamulo a zomangamanga, ndipo tsiku logulitsa nyumba envulopuyo ipite limodzi ndi makiyi.